Kompyuta ya Pakona

Hannah Longwe anali kuvuula chinangwa mu dramu pamene Enos anatulukira pa njinga. Linali Loweruka m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa. Chinangwacho chinali chitafewa bwino m'madzi, ndipo iye ankachifinya, kusolola mtsitsi wa pakati, n'kuchiyala pa thandala kuti chikauma asinje ufa wa kondowole. Manja ake anali mbuu mpaka m'zigongono.

Enos anali mlonda pa koleji yaing'ono yophunzitsa ntchito za m'mahotela, kufupi ndi Chintheche, komwe Hannah ankayang'anira laibulale. Sanali munthu woyendera anzake Loweruka. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anavula chipewa, n'kupereka moni wa Chitonga motsitsa mawu. Hannah atangoona chipewa chili m'manja anadziwa kuti kwagwa zovuta.

Enos ananena kuti Ackson Manda, mwamuna wa Zondiwe, mtsikana wophunzira chaka chachiwiri pa kolejiyo, wamwalira ku Joni. Anadwala chifuwa masiku ochepa chabe. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Zacharia, ndi amene anaimba foni dzulo lake madzulo. Mtembo sunali woti ubwere, anzake a kumeneko anali atagwirizana zomuika konko. Abale anali atasonkhana kale kwa makolo ake ku Bandawe, ndipo abusa anati mapemphero omutsanzika adzachitika Lachitatu.

Hannah anati Chiuta awagwire dzanja, ndipo anatchula Tadala, mwana wawo, amene anali atangoyamba kuyenda.

"Ndi za mwanayo zimene andituma, AnyaLongwe," anatero Enos. "Zondiwe akuti mumusindikizire zithunzi za bambo ake a Tadala. Akuti zonse zili mu kompyuta ya pakona. Akuti inu mukudziwa."

Hannah anayang'ana chinangwa chimene chinali m'dzanja lake, n'kuchiika pa thandala pang'onopang'ono. Anati wamva. Enos anamuthandiza kupendeketsa dramu kuti madzi owawasa aja atayikire kuseri kwa nyumba, osapemphedwa, kenako anakwera njinga yake.

Ankadziwadi.

Laibulale ya kolejiyo inali ndi makompyuta anayi akale, ndipo ophunzira onse ankadalira omwewo potumiza makalata ofunsira ntchito m'maloji ndi polemberana ndi abale akutali. Kuti asamalimbirane, Hannah anali ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo zolembedwa manambala. Wolowa ankatola chake n'kudikira. Nthawi ya munthu ikatha, Hannah ankagogoda tebulo ndi rula. Ntchito yake yambiri inali yomweyo: kugogoda, kudzutsa amene akunamizira kuti kalata ikupitabe, ndi kukumbutsa aliyense kuti atseke imelo yake asanachoke pampando. Mawu amenewa anawabwereza mpaka ophunzira anamupatsa dzina loti Madamu Tsekani. Ankalidziwa dzinalo, ndipo silinkamupweteka.

Munthu mmodzi yekha sankatseka, ndiye Zondiwe. Ackson atabwera kudzacheza kumudzi ulendo wake womaliza, Zondiwe ali ndi pakati ndipo atangoyamba kumene sukuluyo, anapempha chilolezo kwa Hannah n'kukhala ndi mkazi wake pa kompyuta ya pakona. Anamutsegulira imelo, analemba yekha pasiwedi, n'kuuza kompyuta kuti iisunge. Anati mkazi wake asavutike ndi kuloweza, azingodina pamene pali timadontho takuda. Pa kompyuta iliyonse panali njira ziwiri zolowera pa intaneti, ina ya chizindikiro chabuluu, ina ya chofiirira. Aliyense ankalowera pa chofiirira chifukwa chinali chachangu. Ackson anaika imelo ya mkazi wake pa chabuluu.

Panalibe amene analamula, koma kuyambira tsiku limenelo chabuluu cha pakona chinakhala cha Zondiwe. Ophunzira atsopano ankauzidwa ndi anzawo kuti pamenepo ndi kuchipinda kwa a Manda, sikulowedwa. Zondiwe akabwera ndi mwana kumsana, amene anali pakona ankadzuka yekha, ngakhale rula isanalire. Hannah ankaziona zimenezi, ndipo pa zonse za pa koleji ija, ndi zimenezi zimene ankazitchula akamayamika Mulungu asanagone. Lamulo linali loti aliyense azitseka. Pakona paja iye ankayang'ana kumbali.

Ackson ankalemba pafupifupi Lamlungu lililonse, ndipo nthawi zina ankatumiza chithunzi. Zondiwe ankamasula mwana, kumukhazika pa ntchafu, n'kumulozera pa galasi la kompyuta kuti awo ndi Ada, bambo ake. Zithunzi za ukwati wawo zinawonongeka chaka chimene mvula ya mkuntho inasasula denga la nyumba yawo. Hannah anamuuzapo kuti asindikize chimodzi, koma makina osindikizira a mu laibulale ankatulutsa nkhope zakuda ngati makala, ndipo Ackson anali atalonjeza kuti zenizeni adzabwera nazo yekha pa Khrisimasi.

Kenako kunachitika za Limbani. Iyeyu anali mnyamata wanthabwala wa kalasi ya Zondiwe. Anapeza mnzake Wongani atasiya imelo yosatseka, ndipo analembera mphunzitsi wa zophika, mayi wamsinkhu wa amayi ake, kalata yomufunsira ukwati m'dzina la Wongani. Analonjeza bwato, ukonde, ndi nsomba ya batala Lamlungu lililonse. Mayiwo sanaseke. Apulinsipolo anapatsa Limbani chikwakwa kuti atchetche udzu kuzungulira koleji yonse, ndipo analamula kuti makompyuta onse afufutidwe, akonzedwe mwakuti akazimitsidwa aziiwala zonse.

Griffin, amene ankakonza makompyutawo, anabwera kuchokera ku Mzuzu Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti Enos abwere ndi uthenga uja. Magetsi anali atazima m'mawa wonse, ndipo awiriwo anangokhala pansi akuyang'ana babu. Atayaka masana, Griffin anagwira ntchito mothamanga, chifukwa inali nthawi ya kusowa kwa mafuta ndipo minibasi zinali zosadalirika. Atafika pakona anaima kaye.

"Muli chofunika kusunga umu, Madamu? Ndikadina apa ndiye basi."

Hannah anamukumbuka Zondiwe. Sikuti anaiwala ayi. Zondiwe anali ku loji ina ku Kande kophunzira ntchito, ndipo kumeneko foni sankaloledwa kugwira mpaka ataweruka. Kusunga zinthuzo kunafuna kuti Hannah atsegule makalata a mwamuna kwa mkazi wake, zimene anali asanachitepo, Griffin ali chiimire akuyang'ana wotchi. Kunafunanso kukafotokozera apulinsipolo chifukwa chimene lamulo lawo lakale linkalambalala kompyuta imodzi. Mutu unkamuwawa, ndipo amayi anzake a Umanyano, chigwirizano cha amayi a mpingo, ankamudikira ku tchalitchi. Anadziuza kuti Ackson adzangonena pasiwediyo pa foni. Anati mulibe.

Pa nthawi imeneyo Ackson anali kale m'chipatala, atasiya kulankhula.

Masana a Lowerukalo Hannah anasiya chinangwa pa thandala, anapempha mnansi wake kuti achiyang'anire mbuzi zingadye, n'kupita ku Bandawe. Amuna anali panja pansi pa mitengo, ena atabwera ndi zovala za kunyanja. M'nyumba amayi ankaimba nyimbo za mpingo za Chitonga, kuzikoka pang'onopang'ono. Zondiwe anali pa mphasa, atatsamira khoma, maso atatupa. Mayi wina wogulitsa usipa pa msika anali atamutenga Tadala n'kumamudyetsa nthochi, akumupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje chake.

Hannah anagwada n'kugwira dzanja la Zondiwe. Zondiwe analigwira mwamphamvu. Ananong'ona kuti Tadala bambo ake sanawaonepo kwina kulikonse koma pa galasi lija, ndiponso kuti apongozi ake aamuna akufuna chithunzi chidzakhale pa tebulo Lachitatu.

"Bokosi palibe, Madamu. Anthu adzayang'ana chiyani?"

Hannah anatsegula pakamwa, koma wina anayambitsa nyimbo ina, ndipo iye anangoti aona Lolemba. Anakhala pakati pa amayi aja n'kuimba nawo mpaka mawu anasasa. Pobwerera anapeza mnansi wake ataanula chinangwa chonse n'kuchilowetsa pakhonde.

Lamlungu ataweruka ku tchalitchi anaimbira Griffin. Griffin anayamba ndi kuseka, kuti tsiku la Ambuye ngakhale makompyuta amapuma. Atamva nkhaniyo kusekako kunatha. Kenako anafotokoza kuti mu kompyutamo simunatsale kanthu. Makalata ndi zithunzi sizinafufutike, zinali kutali komwe zimasungidwa, koma chimene chinafufutika chinali kiyi wake. Popanda pasiwedi, kapena foni ya Ackson yolandirira nambala yotsegulira, panalibe njira. Anamuuza pomwe angadine kuti ayese. Sanamukumbutse kuti anafunsa. Hannah anaona kuti wamuchitira chifundo, ndipo chifundocho chinamulemera kuposa chidzudzulo.

Lolemba Zondiwe sanabwere, pakuti wofedwa sachoka pa mphasa maliro asanathe. Anatuma Stella, mnzake wa kalasi imodzi, mtsikana wa ku Mulanje amene ankachita naye lendi chipinda pafupi ndi koleji. Stella anali atamva kale zoti makompyuta afufutidwa. Anakoka mpando wina n'kukhala pafupi ndi Hannah pakona paja.

Chizindikiro chabuluu chinalipo, koma atadina munali mbee, timadontho tija kulibe. Anayesa dzina la mwana, dzina la mudzi, dzina la timu imene Ackson ankaikonda, dzina la bwato la bambo ake. Kompyuta inakana zonse, kenako inati itumiza nambala ku foni ya ku Joni. Hannah anatuluka panja, pamene mafoni ankagwira bwino, n'kuimbira Zacharia.

Zacharia anali ku ntchito ndipo ankalankhula monong'ona. Anati foni ya Ackson inasowa ku chipatala pamodzi ndi nsapato. A ku chipatalako anawapatsa buluku ndi malaya basi. Hannah atafunsa ngati iye kapena anzake ali ndi chithunzi chilichonse, Zacharia anapuma mozama.

"Ama, kuno ife opanda mapepala sitikonda kujambulana. Zimene ankatumiza ankajambulitsa pa foni yomweyo."

Anati afunsa anzake, koma mawu ake sanali a munthu woyembekezera kupeza kanthu. Asanadule ananena kuti anamusambitsa okha, anyamata a kwawo, ndipo anamuimbira nyimbo za kwawo. Anapempha kuti Hannah akanene zimenezo kwa amayi ake a Ackson.

Stella anafunsa kuti akamuuze chiyani Zondiwe. Hannah anati akanene kuti abwera yekha madzulo. Stella anamuyang'ana, anagwedeza mutu, ndipo potuluka anatola zitsekerero zimene zinagwa pansi n'kuzibwezera m'chitini.

Apulinsipolo analowa dzuwa lili pamutu. Anali atamva kwa Enos. Anaima pafupi ndi tebulo, akupukuta magalasi awo, n'kunena kuti lamulo anapereka ndi iwo, ndipo sakanatha kusiya makompyuta a koleji ali chitsegukire pambuyo pa zimene zinachitikira mphunzitsi uja. Anafunsa mofatsa chifukwa chimene Hannah sanawauzire za pakona. Hannah anangoyamba kusanja zitsekerero m'chitini. Iwo sanaumirize. Anati mafuta akapezeka galimoto ya koleji idzanyamula ophunzira Lachitatu, kenako anatuluka akuyenda ngati munthu amene sanagone.

Tsiku lonselo pakona sipanakhale munthu. Ophunzira ankatola zitsekerero zawo, kudikira makompyuta atatu enawo, kulemba, kutseka, n'kudzuka okha. Hannah sanagogode rula ngakhale kamodzi. Anapukuta mabuku amene anali atawapukuta kale. Anayesa kupemphera, koma mawu ankathera pa dzina la Tadala.

Nthawi yoweruka itayandikira, Limbani analowa, buluku lili ndi udzu mpaka m'mawondo, m'manja muli matuza a chikwakwa. Sanatole chitsekerero. Anayamba kutseka mawindo, ntchito imene anali asanaigwirepo chilowereni pa kolejiyo. Atatseka lomaliza anaima chapatali, akukanda pakhosi.

"Madamu, ndikanena chinthu, chikwakwa chija chiwonjezeka?"

"Udzu wautha kale, Limbani. Nena."

Ananena akuyang'ana pansi. Nthawi yozizira yapitayo, tsiku lina Hannah atapita kukamwa tiyi, iye anadina chabuluu cha pakona. Analumbira kuti makalata sanawerenge, kenako anati anawerenga imodzi yokha, yaifupi. Chimene chinamugwira mtima chinali chithunzi cha Ackson ataima kutsogolo kwa sitolo ina, atavala jekete lofiirira la matumba akuluakulu. Jekete loterolo ku Chintheche kunalibe. Anachikopera pa fulashi, anakachitsukitsa ku situdiyo ya pa msika, n'kupita nacho kwa a Aleck atelala kuti amusokere lofanana. Jeketelo silinasokedwe, chifukwa nsalu yake sinapezeke. Fulashi inafa ndi vairasi. Koma mwina chithunzicho chinali chikadali kwa a Aleck.

Hannah anakhala kaye pampando. Anaganiza zomufunsa ngati analibe manyazi, koma funsolo linamubwerera yekha. Anatenga kiyi ndi chikwama chake.

Anayenda m'mbali mwa msewu wa tala. Limbani ankayenda kumbali ya magalimoto. Kashopu ka a Aleck kanali kuseri kwa msika, pakati pa wogulitsa maukonde ndi wometa. A Aleck anali bambo wachikulire, magalasi atatsikira pa mphuno, tepi ili m'khosi. Atamuona Limbani anasiya kupalasa makina.

"Bwana wa ku Joni wafika. Nsalu ija yatera ndi ndege, kapena ikubwera pa bwato?"

"Zimenezo zisiyeni kaye, ada. Chithunzi chija chilipo?"

A Aleck analoza khoma ndi sizasi. Khoma lonse linali lodzaza ndi zithunzi zodula m'magazini, masuti, madiresi a ukwati, yunifolomu za operekera zakudya m'mahotela, zonse zitayera ndi dzuwa ndi fumbi. Hannah anayang'ana nkhope iliyonse koma ya Ackson sanaione. Limbani ndi amene analoza pafupi ndi windo. Panali jekete lofiirira la matumba akuluakulu, manja ali m'matumba, koma mutu panalibe. Limbani anati anaupindira kumbuyo tsiku limene anabweretsa, kuopa kuti wina angamuzindikire mwini wake.

A Aleck anazula mapini n'kutambasula pepalalo. Jekete linali litafwifwa, koma nkhope, imene inayang'ana kukhoma miyezi yonseyi, inali yowala ngati yajambulidwa dzulo. Ackson ankamwetulira, diso limodzi atalitsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa. Pakhosi pake panadutsa mzere woyera wa mopindika muja.

"Uyu si mwana wa a Manda wa ku Bandawe?" anafunsa a Aleck. "Amene tamva uja?"

Hannah anavomera. A Aleck anakhala pansi. Anati akabudula ake a sukulu ankasoka ndi iwo, ndipo miyezi yonseyi akhala naye m'shopu muno osadziwa. Anamuyang'ana Limbani pamwamba pa magalasi. Anatenga kansalu kofewa n'kupukuta fumbi. Anaika chithunzicho pakati pa nsalu ziwiri, anatenga ayironi ya makala imene inali itazizira, n'kutsindika ndi manja onse awiri, nthawi yaitali. Mzere uja sunachoke, koma pepala linawongoka. Anadula katoni ya sopo, anaika chithunzicho pakati, n'kumanga ndi ulusi.

Atafika pa siteji Limbani anayandikira.

"Madamu, mungokanena kuti mwachipeza mu kompyuta. Ine ndapulumuka, inunso mwapulumuka. Zondiwe akufuna nkhope basi."

Hannah anaisinkhasinkha nkhaniyo. Zinali zotheka. Akanatha kunena kuti magetsi anazima atangotulutsa chimodzi. Zondiwe sakanabwerera ku sukulu mpaka teremu ya mawa, ndipo pofika nthawiyo akanapezeka mawu ena, vairasi, mvula, lamulo la apulinsipolo, zonse zoona pang'ono. Anali atatopa kwambiri, ndipo anaona kuti mtima wake ukufunadi njira imeneyo. Kondakitala ankakuwa kuti Kande, Dwangwa, akumenya chitseko cha minibasi. Hannah anagwira katoni ija pachifuwa n'kutseka maso kanthawi. Sanapemphere ndi mawu.

Kenako anamuuza Limbani kuti dzina lake salitchula, chifukwa nkhani imeneyo ndi yake, aineneretu yekha akafuna. Koma sakanena kuti chachokera mu kompyuta. Anakwera. Asanakhazikike anamva munthu akudzipanikiza pa mpando wakumbuyo, ndipo atacheuka anaona kuti ndi Limbani. Kondakitala anamuseka kuti wabweretsa munda wonse pa buluku.

Ku Bandawe anthu anali atachepa poyerekeza ndi Loweruka. Limbani anakhala kumapeto kwa benchi ya amuna, manja a matuza aja atawabisa pakati pa mawondo. Hannah anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Anayamba wagwada kwa amayi ake a Ackson n'kupereka uthenga wa Zacharia, kuti anamusambitsa anyamata a kwawo ndipo anamuimbira nyimbo za kwawo. Mayiwo anathokoza kuti yewo kangapo, akugwedeza mutu. Kenako Hannah anasendera pa mphasa ya Zondiwe, pamene Stella anali atakhala, n'kumasula ulusi uja.

Zondiwe anatenga chithunzicho ndi manja awiri. Sanalire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitana Tadala, amene ankasewera ndi chivindikiro cha poto. Mwanayo anabwera akudzandira, anakwera pa ntchafu za amayi ake, n'kugunda nkhope ija ndi chala monga ankachitira pa galasi la kompyuta.

"Ada," anatero mwanayo.

Apo m'pamene amayi a m'nyumbamo anayamba kulira. Amayi ake a Ackson anapempha kuti achione, anapita nacho pafupi ndi windo, ndipo anati mwana wawo anali atanenepa. Wina anatumiza mawu panja kuti bambo ake a Ackson amve zoti tebulo la Lachitatu silidzakhala lopanda kanthu. Chithunzicho chinayenda m'manja mwa amayi onse, aliyense akupukuta kaye dzanja pa chitenje asanachigwire, mpaka chinabwerera kwa Zondiwe.

Zondiwe anayendetsa chala pa mzere wa pakhosi, kenako pa timabowo ta mapini.

"Chapindika bwanji, Madamu? Si cha lero ichi." Anadzutsa mutu. "Nanga zinazo? Pali chija ali ku ntchito, ndi chija wameta. Ndi makalata. Pali ina imene anasankhiramo dzina la mwanayu. Ndikufuna adzaiwerenge yekha akadzakula."

Stella anayang'ana pansi. Pakhomo panaima mthunzi wa munthu, ndipo Hannah anadziwa osacheuka kuti ndi Limbani, akuvula nsapato zake zodzaza udzu, osadziwa ngati mwamuna angalowe. Hannah akanatha kuyandikira khutu la Zondiwe n'kunong'ona, kapena kunena kuti akambirana maliro akatha. Anakhala chigwadire pomwepo, ndipo analankhula ndi mawu amene aliyense m'chipindamo anawamva.

"Zinazo sitingazifikirenso, Zondiwe. Makompyuta anafufutidwa Lachisanu, ndipo pasiwedi inapita ndi Ackson. Wokonza uja anandifunsa ngati muli chosunga. Ndinakukumbuka, sindinaiwale. Koma ndinali nditatopa, ndinkafuna kuweruka, ndiye ndinati mulibe. Chithunzi ichi anasunga ndi ena, osati ine. Kalata ya dzina la mwana ndakutayira ndine."

Zondiwe anamuyang'ana, mwana ali pa ntchafu, chithunzi chili m'dzanja. Hannah anatambasula manja ake, amene m'zikhadabo munali mukadali zoyera za chinangwa, n'kuwaika pa mphasa.

"Ndakulakwira, mwana wanga, iwe ndi Tadala. Ndikhululukire."